Kwa mayaro: mmene mungatetezere malikisi anu semesita yoyamba

Chaka chilichonse, mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma akangotuluka ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, foni yanga siipuma. Azakhali, anzanga a kutchalitchi, ngakhale aphunzitsi a kusekondale komwe ndinaphunzira, onse amabwera ndi pempho limodzi: "Mwana wathuyu wasankhidwa, tamulangizeniko." Mwanayo akandiimbira amafunsa za malo ogona, za laputopu, za zovala zoti agule. Ndimayankha ndithu. Koma chomwe chimabweza anzathu kumudzi asanamalize sukulu safunsa n'komwe, poti sakuchidziwa. Ndiye ndati ndilembe kamodzi, kuti wina akadzafunsanso ndizingomutumizira.

Kusekondale tinazolowera kuti mlandu wonse umagamulidwa pa mayeso a MANEB. Munthu ankatha kugona Fomu 3 yonse, n'kudzidzimuka mu Fomu 4, n'kutenga MSCE ya mapointi abwino. Kukoleji sizitero. Malikisi a kosi iliyonse amagawidwa pawiri. Gawo lina mumalitolera pang'onopang'ono semesita yonse kudzera m'matesiti, maasayimenti, ntchito za mu labu ndi ntchito za m'magulu, ndipo gawoli limatchedwa CA, chidule cha continuous assessment. Gawo linalo ndi la mayeso otsiriza. Amene watayirira CA amalowa m'chipinda cha mayeso ali kale ndi ngongole, ndipo kawirikawiri amazindikira madzi atafika m'khosi.

Pali mawu angapo omwe mudzawamva tsiku loyamba lomwelo. Yaro ndi inuyo, wa chaka choyamba. Makonti ndi amene anakutsogolerani, a chaka chachiwiri kupita m'tsogolo. Mesho ndi mnzanu wogona naye chipinda chimodzi. Sapu ndi mayeso apadera omwe amapatsa munthu amene walephera kosi kuti ayesenso, ngati malamulo akumulola. Kuwidwa ndi kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera kwambiri. Mawu oti kuwidwawa anachokera ku Chingerezi, komwe amatanthauza kuzula udzu m'munda.

Dziwaninso kuti sukulu iliyonse ili ndi malamulo akeake. Kuyambira 2021 Poly ija imatchedwa MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo dzina la UNIMA linatsalira ku Zomba. Kulinso LUANAR, MZUNI ndi MUST. Choncho zomwe achimwene anu anakuuzani za m'nthawi yawo muzitenge ngati nkhani, koma malamulo enieni mukawerenge m'kabuku ka malamulo ka sukulu yanu.

1. Malizani kulembetsa, ndipo mutsimikize ndi maso anu

Kulipira fizi ndi kulembetsa makosi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mukamaliza zonse, lowani pa portal, tsamba la pa intaneti la sukulu yanu, muone ngati kosi iliyonse ikuoneka pa dzina lanu, ndi nambala yake yolondola. Alipo amene amalowa m'kalasi semesita yonse, kulemba matesiti onse, n'kudzapeza kuti kosiyo sanailembetse. Risiti ya kubanki muijambule pa foni, yeniyeniyo muisunge mu envelopu imodzi ndi kalata yokuitanani.

Ngati mukudalira ngongole ya HESLGB, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 2015 kuti lizibwereketsa ophunzira osowa, kumbukirani kuti ndi ngongole yodzabweza mukamaliza, ndiponso kuti chaka chilichonse mumayenera kutsatira chilengezo chawo ndi kupempha m'nthawi yake. Ndalama zikachedwa ndipo tsiku lotseka kulembetsa layandikira, pitani ku ofesi ya Dean of Students, mkulu woona za umoyo wa ophunzira, tsikulo lisanakwane. Kupita litadutsa, ngakhale wofuna kukuthandizani amakhala manja ali omangika.

2. Pezani course outline ya kosi iliyonse, muwerengere nokha

Course outline ndi pepala lomwe mphunzitsi amapereka sabata yoyamba, losonyeza mitu yomwe muphunzire, mabuku, ndi mmene malikisi adzagawidwire. Ambiri amaliponya m'chikwama osaliwerenga. Inu gulani kabuku kamodzi kachikuto cholimba, kosi iliyonse muipatse tsamba lake. Lembanipo kuti CA ndi malikisi angati, mayeso angati, matesiti ndi angati, maasayimenti ndi angati. Chilichonse chikabwera chochongedwa, lembani malikisi ake patsambapo.

Taonani chifukwa chake. Tiyerekeze kuti pa kosi ina CA ndi 40, mayeso ndi 60, ndipo kukhoza kumayambira pa 50. Mukatolera 28 pa 40, pa mayeso mukungofunika 22 pa 60. Mukatolera 12 pa 40, mukufunika 38 pa 60, pa phunziro lomwelo lomwe lakhala likukuvutani semesita yonse. Anthu awiriwa amakhala pa benchi imodzi m'chipinda cha mayeso, koma katundu amene asenza ndi wosiyana kutalitali. Manambalawa ndi chitsanzo chabe. Anu enieni ali pa course outline, ndipo mufunsenso ngati sukulu yanu imafuna kuti munthu akhoze CA payokha asanaloledwe kulemba mayeso.

3. Konzani pogona ndi pakudya msanga

Malo m'mahositelo sakwanira aliyense, ndiye ambiri mudzachita lendi kunja: ku Chikanda ngati muli ku Zomba, ku Luwinga ku Mzuzu, ku Chitawira kapena ku Zingwangwa ku Blantyre, cha ku Goliati kwa a ku MUST. Musalipire nyumba yomwe mwangoiona pa chithunzi cha pa WhatsApp. Pitani mukaione, ndipo muyende wapansi kuchokera pakhomopo kukafika pa kampasi, muwerenge mphindi. Ganizirani ulendo womwewo usiku pochokera ku laibulale, ndiponso m'dzinja mvula ikugwa. Funsani kuti madzi ndi mayunitsi a magetsi amalipira ndani, ndipo mumvane landilodi ali pomwepo.

Ndalama ikangolowa, yambani ndi lendi, kenako ufa, nyemba, mafuta, mchere, sopo ndi makala, kenako mupatule ya kupulinta ndi bandulo. Yotsalayo ndiye ya pa chiwaya. Ngati kwanu kuli chimanga, nyamulani ufa musachite manyazi. Ndi mesho wanu mugwirizane sabata yoyamba za alendo, za phokoso ndi za mphika, zinthu zisanawawe. Katapila ndi kubetcha pa foni muzitalikire. Ndaona anzanga akujomba tesiti chifukwa chothawa munthu amene anawabwereka ndalama.

4. Lowani m'kalasi, ndipo manotsi muwakonze tsiku lomwelo

Kuno kulibe belu, kulibe ahedi oyenda m'mahositelo ndi ndodo. Mukagona, palibe amene adzabwere kudzakudzutsani, ndipo m'kalasi ya anthu mazana mphunzitsi mwina sadzadziwa kuti kunalibe. Apa ndi pomwe ambiri amayambira kutsetsereka. Amati manotsi adzawapeza pa gulu la WhatsApp la kalasi. Zithunzi za manotsi zimabweradi, koma mawu aja mphunzitsi ananena ataima pakhomo akutuluka, oti mutu wakutiwakuti muuwerenge kawiri, salowa m'chithunzi.

Masabata oyamba Chingerezi chimathamanga, makamaka kwa ife ochokera ku masekondale oyendera a kumudzi. Musakhumudwe. Khalani kutsogolo, lembani zomwe mwamva, siyani mpata pomwe mwasochera. Madzulo omwewo, musanagone, tsegulani buku mudzaze mipatayo. Theka la ola pa kosi iliyonse likwanira ngati ndi tsiku lomwelo. Mukadikira Loweruka, mudzapeza kuti zolemba zanu zomwe simukuzimva.

Nambala ya class rep, mnzanu amene kalasi yamusankha kuti azilumikizana ndi aphunzitsi, muisunge. Kusintha kwa chipinda kapena tsiku la tesiti kumadzera mwa iye.

5. Asayimenti muiyambe tsiku lomwe mwapatsidwa

Sindikunena kuti muimalize. Werengani funso, mulilembenso m'mawu anuanu, mupite ku laibulale mukapeze mabuku awiri anzanu asanawabwereke onse. Mfundo iliyonse yomwe mwatenga kwa wina, lembani pomwepo dzina la wolemba, chaka ndi tsamba, chifukwa kudzazifuna usiku womaliza ndi ntchito yowawa. Kukopera za mnzanu, za konti wa chaka chatha kapena za pa intaneti osatchula mwini wake ndi mlandu waukulu, ndipo wobwereketsa ndi wokopera onse amalangidwa.

Mukamalemba pa kompyuta, dzitumizireni kope pa imelo usiku uliwonse. Fulashi imasowa, laputopu imabedwa, magetsi amazima. Pulintani dzulo lake, poti m'mawa wa tsiku lopereka mzere pa malo opulintira umafika panja. Popereka, sayinani pa pepala la mayina ngati lilipo, ndipo jambulani tsamba loyamba.

Ntchito ya pagulu ili ndi vuto lake. Nthawi zonse pamakhala wina amene amangotumiza ndalama ya kupulinta ndi nambala yake. Pa msonkhano woyamba gawanani ntchito, mulembe pa gulu lanu kuti uje achita chakuti pofika tsiku lakuti. Ikani tsiku lanu lomalizira masiku atatu tsiku lenileni lisanafike. Wina akasowa, mufunseni kaye payekha, mwina wadwala kapena alibe chakudya. Akapitiriza, uzani mphunzitsi ntchito isanaperekedwe.

6. Tesiti yoyamba ikabwera yoipa, pitani kwa mphunzitsi sabata yomweyo

Apa ndi pomwe ndikufuna tikhalitse, chifukwa olangiza ambiri amangoti "limbikirani" n'kudumpha.

Pafupifupi aliyense amene wasankhidwa anali katswiri kusukulu kwawo. Kumudzi anakuperekezani pa depoti, amalume anagulitsa mbuzi, abusa anakutchulani pa guwa. Ndiye pepala loyamba likabwera ndi malikisi omwe simunawaonepo chibadwire, chimakugwirani choyamba ndi manyazi. Ine tesiti yanga yoyamba ya masamu ndinapeza 6 pa 20. Ndinalipinda pepalalo kanayi n'kulibisa pansi pa zovala mu sutikesi. Mesho wanga atafunsa ndinati zayenda. Amayi ataimba ndinati zonse zili bwino. Ndinayamba kuwerenga mpaka 2 koloko usiku, koma ndikuwerenga mwa njira yomwe ija inandilepheretsa, ndipo tesiti yachiwiri inabwera chimodzimodzi. Ndinakagogoda pa ofesi ya mphunzitsi sabata yakhumi. Anatenga pepala lija, makwinya ali thoo, n'kuliyala pa tebulo. Mphindi khumi zisanathe anali atandionetsa kuti mayankho anga angapo anali olondola, koma ndinkadumpha njira, pomwe malikisi ambiri anali pa njirapo. Kenako anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mukanabwera mwezi wathawu." Kosi imeneyo ndinalemba sapu. Mpaka lero zimandipweteka kuti masabata asanu ndinawataya chifukwa choopa chitseko.

Ndiye chitani motere. Tsiku lomwe mwalandira pepala, liwerengeni lonse ngakhale mtima ukukana. Phatikizani malikisi nokha, poti wochonga mapepala mazana akhoza kuphonya pophatikiza. Kenako funso lililonse lomwe mwalakwa mulipatse dzina: apa sindinadziwe n'komwe, apa ndinadziwa koma sindinamve funso, apa nthawi inandithera. Matenda atatuwa mankhwala ake ndi osiyana, ndipo mphunzitsi amathandiza msanga munthu amene wabwera akudziwa pomwe pakumupweteka.

Fufuzani nthawi yomwe mphunzitsiyo amaonana ndi ophunzira. Kawirikawiri imalembedwa pa course outline kapena pa chitseko cha ofesi. Ngati palibe, funsani class rep kapena mlembi wa dipatimenti, kapena mudikire kalasi ikatha mupemphe tsiku. Musamuimbire foni usiku. Musamuimitse pa msika kapena kutchalitchi.

Nyamulani pepala la tesiti, manotsi anu ndi cholembera. Gogodani, perekani moni, tchulani dzina lanu, kosi ndi chaka. Mwina mudzalankhula m'Chingerezi, koma mfundo yake ikhale iyi: "Madamu, pa tesiti ija sindinachite bwino. Ndaliwerenga pepala langa, ndipo funso lachitatu ndi lachisanu sindikuona pomwe ndinasochera. Mungandionetseko, kuti pa tesiti ikubwerayi ndikonze?" Mukatero, khalani chete mumvetsere, muzilemba. Pomaliza funsani kuti muwerenge buku liti, ndipo ngati pali tutorial, kalasi yaing'ono yothandizirana mafunso, mufunse tsiku lake.

Pali mawu omwe amatseka chitseko. Musapemphe kuti akuwonjezereni malikisi. Musayambe ndi kunena kuti mnzanu analemba zofanana koma anapeza ambiri. Musanene kuti kusekondale munali nambala wani. Ngati mwapeza kuti anaphonyadi pophatikiza, onetsani mwaulemu, pepala lisanafufutidwe kapena kuwonjezeredwa kanthu.

Malikisi a CA akaikidwa pa bolodi kapena pa portal, fananitsani ndi kabuku kanu kaja. Mukaona kuti asayimenti yomwe munapereka palibe, pitani tsiku lomwelo ndi chithunzi chija ndi pepala lochongedwa ngati linabwezedwa. N'chifukwa chake pepala lililonse lochongedwa muzilisunga mpaka zotsatira za semesita zitatuluka. Mphunzitsi akapanda kupezeka kangapo, gawo lotsatira ndi mkulu wa dipatimenti. Musalumphe kukayambira kumwamba.

Mukadwala kapena kukagwa maliro tsiku la tesiti, dziwitsani tesitiyo isanalembedwe, kudzera mwa class rep ndi ofesi ya Dean of Students. Pitani ku kiliniki ya pa sukulu mukatenge umboni wolembedwa. Kungosowa n'kudzafotokoza patapita masabata awiri, ngakhale nkhani yanu ili yoona, kumakhala kovuta kukukhulupirirani.

Chinthu china ndichinene poyera, makamaka kwa achemwali anga. Aphunzitsi ambiri ndi anthu aulemu amene amasangalala kuona wophunzira akufunsa. Koma wina akakuuzani kuti mukakumane kunja kwa sukulu, kapena akatchula chibwenzi kapena ndalama posinthana ndi malikisi, zimenezo ndi zolakwika ndipo wolakwa ndi iyeyo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zotere. Sungani mauthenga ake, uzani munthu amene mumamukhulupirira, ndipo kanene kwa Dean of Students kapena ku ofesi yoona za madandaulo otere. Ngati mtima sukukhazikika, pitani ku ofesi ndi mnzanu wa m'kalasi, masana. Palibe lamulo loti mupite nokha.

Ndipo kunyumba muwauze zoona msanga. Simukuyenera kuwerengera amayi malikisi onse, koma mawu oti "kosi ina ikundivuta, ndikuyesetsa, mundipempherere" amapepukitsa mtolo. Makolo amene anamva mu sabata yachisanu amalandira nkhani ya sapu mosiyana ndi amene ankauzidwa kuti zonse zili bwino.

7. Sankhani chochita chimodzi kapena ziwiri kunja kwa kalasi

Sabata yoyamba aliyense adzakuitanani: a SCOM (bungwe la ophunzira achikhristu), a kwaya, a bungwe la ophunzira achikatolika kapena achisilamu, a mpira, a zisudzo, a mtsutso, a kwanu omwe ali ndi gulu la boma lanu. Lowani ndithu. Munthu wongokhalira buku yekhayekha amafooka msanga, ndipo m'magulu amenewa ndi momwe mumapeza makonti okupatsani mapepala a mayeso akale ndi kukuuzani mmene mphunzitsi wakuti amafunsira. Kungoti musalowe paliponse. Ine ndimati chimodzi chodyetsa mzimu kapena mtima, china cholimbitsa thupi, basi. Udindo wa mu komiti muusiyire chaka chachiwiri. Social weekend, mapeto a sabata a zisangalalo pa sukulu, ikafika, yang'anani kaye m'kabuku kanu ngati Lolemba kuli tesiti, ndipo popita ku zisangalalo usiku muzipita ndi kubwerera limodzi ndi anthu omwe mumawadziwa.

8. Masabata atatu omaliza, ndi pambuyo pa mayeso

Tsegulani kabuku kaja muwerengere kosi iliyonse kuti mukufunika malikisi angati pa mayeso. Nthawi yambiri ipite ku kosi yomwe CA yake yawonda, ngakhale mtima umakokera ku kosi yomwe mumaikonda. Mapepala akale muwayankhe polemba, wotchi ili patsogolo, osangowawerenga ndi maso. Gulu lokambirana likhale la anthu atatu kapena anayi omwe aliyense wabwera atawerenga kale.

Taimutebulo ya mayeso imatha kusintha, ndiye muione nokha pa bolodi kapena pa portal, yomaliza, osadalira chithunzi chomwe wina anatumiza sabata yatha. Onetsetsani kuti nkhani ya fizi yakonzeka ndipo chiphaso chanu cha sukulu chilipo. Likasa, kaya ndi kapepala, kaya zolemba pa ntchafu, kaya foni m'thumba, musayerekeze. Kulephera kosi kuli ndi sapu kapena kubwereza, pomwe kugwidwa ndi likasa kumatha kukuchotsetsani sukulu.

Mukamapita ku holide, manotsi ndi mapepala onse munyamule kapena muwasiye pamalo otetezeka, musagawe kapena kuyatsira mbaula. Nambala ya foni yomwe munalembetsa kusukulu musasinthe, ndipo pa gulu la kalasi musatuluke. Ngati kwanu netiweki imavuta, pemphani mnzanu mmodzi wokhulupirika kuti akuimbireni zotsatira zikangotuluka, chifukwa masiku a pakati pa zotsatira ndi sapu amakhala ochepa. Pa ndalama yomaliza ya semesita, patulani ya thiransipoti yobwerera kusukulu ndi ya chakudya cha sabata imodzi, muisunge ku Mpamba kapena ku Airtel Money osaikhudza mpaka mutaona zotsatira zanu.